Amuna Anga Ankamva ndi Mano

Kuitana a Putulik m'nyumba mwathu kumafuna chidendene, osati pakamwa. Ndimaponda pansi mwamphamvu kuti thabwa linjenjemere mpaka pampando pomwe akhala, ndiye amatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndangolowa kumene, chikhalirecho ndakhala ndikulankhula nawo kuyambira tiyi asanawire. Akakhala panja ndimawagenda ndi gulovu. Ana a m'mudzi muno anakula akudziwa kuti nyumba ya ine Siasi ndi ija mumagunda chaka chonse ngati akukhomamo misomali.

Sikuti anabadwa ogontha. Makutu awo anayamba kutuluka mafinya ali mwana, makolo awo akukhala kumisasa kutali ndi nesi, ndipo lakumanja linatsekeka asanamere ndevu. Pamene ankandifunsira, lakumanzere linali likugwirabe ntchito, moti tikamayenda ankandikokera mbali imeneyo. Ankati anandikondera mawu. Ine ndi msuweni wanga tinkapikisana nyimbo zapakhosi, titagwirana mikono, nkhope ndi nkhope, woyamba kuseka ndiye wagonja, ndipo a Putulik ankakhala chapafupi atalozetsa khutu lawo limodzilo kwa ine. Khutu limenelonso linayamba kutha mwana wathu Alasi akuyamwa, ndipo pomwe ankayamba sukulu n'kuti litatheratu. Kuchipatala anawapatsa kamakina koika m'khutu. Kankangolira mluzu, mafinya n'kumakatseka, mpaka tsiku lina kanagwera m'nyanja m'njira yomwe sanaifotokoze bwino mpaka lero. Kena anakana.

Milomo amawerenga akafuna. Ndikati nyama yapsa, amamva msanga. Ndikati thanki ya madzi ikudontha, maso awo amadwala nthawi yomweyo. Umu ndi momwe takhalira, ine ndikulankhula, iwo akusankha.

Koma anangumi oyera ankawamva, ndipo apa ndi pomwe pankandipsetsa mtima.

Pamwamba pa chitseko chathu pankakhala theka la nkhafi ya kayaki, kabwato ka munthu mmodzi ka bambo awo, yathabwa lenileni, kumapeto kwake kutakumbikakumbika ndi mano. Amati ali mnyamata, tsiku lina m'mphepete mwa ayezi, pomwe nyanja youndana ndi kuzizira imakumana ndi madzi, anafuna manja onse awiri kuti amange chingwe, ndiye analuma mpini wa nkhafiyo, kuphwatalala kwake kuli m'madzi. Mutu wonse unadzaza phokoso. Anaiponya uko n'kuthawa, akuyesa kuti mizimu yawalowa, bambo awo n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Makutu atafa onse, mano anapitiriza kumva. Chilichonse chodzera m'thabwa chinkawafika m'mutu bwinobwino.

Nkhani ya anangumi ndaimva kambirimbiri, moti ndikhoza kuilakatula ndili m'tulo. Ankaifotokoza mokuwa, monga amachitira anthu osadzimva okha, alendo akufuna asakufuna.

"Pansi pa ayezi ndi mdima, Siasi! Nyama ija siyendera maso ayi. Chipumi chake chotupa chija, chomwe iwe umangoonapo mafuta, ndiye tochi yake. Imaponya timawu, tcha, tcha, tcha. Tikagunda chinthu timabwerera, iyo n'kutilandira ndi nsagwada. Ndi nsagwada! Ngati ine!"

"Tamva, bambo a Alasi. Tiyi akuzizira."

"Ikamangodutsa imaponya pang'onopang'ono, ikufunsa zakutali. Nsomba ikayandikira kukamwa, timawu timathamanga ngati makina ako osokera. Koma mpweya ukayamba kuithera, imaloza m'mwamba n'kumagogoda denga la ayezi, kufuna pamene pali mpata. Ndikamva kugogoda kumeneko ndimadziwa kuti ikutuluka posachedwa. Miluzu ija ndi macheza chabe, ngati inu azimayi pa wailesi."

Ndinayesapo inenso kuika mpiniwo pakhutu, ndipo sindikukana, zimamveka. Zili ngati munthu akuyendetsa chikhadabo pa chipeso, kwinaku ena akuseka kuchipinda. Ndinamva kamodzi n'kukhutira. Iwo sankakhuta.

Nyama yomwe imamva nsomba mumdima imamvanso munthu pamwamba pake. N'chifukwa chake m'mphepete mwa ayezi, nyengo ya dzuwa lalitali, pomwe usiku umafupika, anangumi akamadutsa, sitichita phokoso. Njinga zamoto zoyenda pa chipale chofewa timazisiya kutali n'kuyenda pansi titavala nsapato zachikopa. Ketulo sigundidwa, ayezi satemedwa, mwana wolira amabwezedwa kumsasa. A Putulik ndi mawu awo okuwawo anali vuto, ndiye mng'ono wawo Sakariasi anawaletseratu kutsegula pakamwa kumeneko. Ankagwada, nkhafi ili kumano, maso atatseka, n'kumalankhula ndi dzanja. Chikhato chotambasula, dikirani. Chala choloza, zitulukira apo. Sankalondola nthawi zonse ayi. Chaka china analozera anthu kumanja nyama n'kutulukira kumanzere, ndipo anawaseka mpaka Khirisimasi. Komabe zaka zambiri banja lathu linkayamba ndilo kudya mattaq, chikopa cha nangumi chija, ndipo akalowa m'sitolo anthu ankawapatsa njira.

Nsapato zopanda phokoso zimene ankavalazo ndinkasoka ndine, ndipo chikopa cha katumbu wa m'nyanja sichisokeka usanachitafune kuti chifewe. Mano anga anathera pamenepo. Palibe anandipangira msonkhano. Ndinapita ndekha kwa dokotala, anachotsa zitsa zotsala, n'kundipatsa apulasitiki omwe ndikulankhuliramu. Awo anawola ndi tiyi wa shuga wambiri komanso kuluma thabwa. Kumanzere anazula kalekale. Kumanja kunatsala ochepa akumapeto, akuda, ogwedera, onunkha moti mdzukulu wathu ankakana kuwakhala pamiyendo.

Kenako mtima unayamba. Munthu yemwe ankakoka chileyi yekha anayamba kupumira panjira popita kusitolo. Anawatumiza kumzinda waukulu wa Montreal, ndipo madokotala anati kachitseko kena ka mumtima sikatseka bwino, pakufunika opaleshoni. Koma anati sangang'ambe chifuwa m'kamwa muli mano owola, chifukwa zoipa zake zimalowa m'magazi n'kukakhala pomwe akonzapo. Mano ayambe achoka, onse. Dokotala wa mano amabwera kuno pandege, n'kukhala masiku ochepa. Amabwera nyengo ya dzuwa lalitali anangumi akupita, n'kudzabweranso nyanja ikamayamba kuundana anangumi akubwerera, ngati anachita kupangana. Ulendo woyamba a Putulik anaiwala. Wachiwiri anati njinga yawo yamoto inawafera kutali. Njingayo inabwera ikuyenda yokha bwinobwino ndege itangonyamuka.

Ndinayesa zonse. Ndinawauza kuti adzawapatsa apulasitiki ngati anga. Iwo anatenga Sakariasi, yemwenso ali ndi oikirira, n'kupita naye kunyanja, kumutseka makutu ndi thonje n'kumulumitsa nkhafi. Sakariasi anati akungomva mate ake okha. Ndinati alume ndi usinini. Anati anayesa kale kumanzere, zimamveka ngati anthu akulankhula m'nyumba ya eni. Ndinaitana abusa. Abusa anakhala masana onse akumvetsera za chipumi cha nangumi, n'kuchoka atanyamula nyama.

Tsiku lina ndinawagwira chibwano kuti asayang'ane kumbali. Ana a Sakariasi anali atagula kandege kakang'ono ka kamera, komwe kamauluka m'mwamba n'kumaonetsa pafoni pomwe pali nyama.

"Anthu safunanso nkhafi yanu," ndinatero pang'onopang'ono. "Amakutengani chifukwa cha ulemu. Mufera chinthu chomwe ana akuchita ndi foni."

Tsiku limenelo maso awo sanadwale. Anawerenga liwu lililonse.

"Kandegeko kamaona misana," anayankha. "Sikamva zomwe akunena." Kenako anawonjezera motsitsa, chinthu chomwe sachita kawirikawiri. "Padziko pano ndi okhawo amene ndimawamva, Siasi. Ukufuna undichotsere amenewonso?"

Ndinalowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, ngakhale ndinkadziwa kuti kwa iwo n'chimodzimodzi kutseka mwaulemu. Ndinapsa mtima, ndipo ndinachita nsanje. Inde, nsanje, mayi wa imvi ngati ine, kuchitira nsanje nyama zomwe ndimadula ndi mpeni wanga. Ndawaphikira, ndawasokera, ndatha mano chifukwa cha mapazi awo, koma pa anthu omwe amawamva ine palibepo.

Ulendo wachitatu dokotala anafika ayezi akadali wolimba mpaka kutali. M'mawa wailesi ya m'mudzi inayamba kuwerenga maina a oyenera kupita kuchipatala. "Putulik, akukudikira." Patapita kanthawi, "Putulik, kapena aliyense amene ali naye pafupi, m'gendeni ndi gulovu." Kachitatu wowerengayo anali akuseka. Ndinayang'ana pamwamba pa chitseko. Panali misomali iwiri yokha.

Nesi anaimba foni. Anati dokotala anyamuka mawa masana, ndipo kudikira mpaka nyanja idzaundanenso iye sakulonjeza chilichonse. Sanazungulire. Anati mapazi a amuna anga ayamba kutupa, ndipo ine ndikudziwa tanthauzo lake.

Ndinaitana Alasi. Mwana wathuyu tinamutcha dzina la malemu apongozi anga, ndiye monga mwa mwambo wathu a Putulik amamuitana kuti amayi, iye n'kumawaitana kuti mwananga, kuyambira ali kumsana. Pano ndi mayi wa ana ake, amayendetsa galimoto yogawa madzi m'nyumba za anthu. Anasiya galimoto pamsewu n'kubwera ndi njinga, chileyi chili kumbuyo. Ine ndinatuluka momwe ndinaliri, ndi majombo akusitolo olimba kunsi, osaganiza n'komwe zosintha.

Njinga tinaisiya pomwe panali zinzake n'kuyamba kuyenda. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinali nawo ambiri, akuthwa, ena oti sindinawagwiritsepo ntchito chikwatiwire. Titayandikira, Sakariasi anatembenuka n'kuika chala pamilomo. Amuna onse anali atanyonyomala m'mphepete mwa madzi akuda, mfuti zili m'manja, wina atagwira mkondo wachingwe. Kandege kaja kanali m'bokosi, chifukwa nyama zinali pansi pa ayezi pomwe kamera siona. Onse ankayang'ana dzanja la a Putulik.

Anali atagwada, chikhato atatambasula. Tsaya lakumanja linali litatupa ngati abisamo dzira. Pa mpini wa nkhafi pankatsika magazi osakanikirana ndi mate, n'kumaundana asanafike m'madzi. Mapewa awo ankakwera ndi kutsika ngati munthu amene wathamanga, pomwe anangogwada. Milomo yawo inali yotuwa. Ndipo nkhope yawo inali yokondwa, kukondwa komwe ine sindinakuonepo patebulo panga zaka zambiri.

Ndinaima kumbuyo kwawo ndi mawu anga onse aja, osatha kutulutsa ngakhale limodzi. Kukuwa sikuloledwa, komanso sangamve. Kupita kutsogolo kuti awerenge milomo, maso anali otseka. Alasi anandigwira mkono. Ndinadikira. Chikhato chija chili chitambasulire. Ndinadikirabe, mtima ukuwira. Kenako ndinaona thupi lawo likupendekera kumadzi pang'onopang'ono, n'kudziwongola, n'kupendekeranso.

Phazi langa silinandifunse. Linachita zomwe lachita tsiku lililonse kunyumba. Chidendene cha jombo chinagunda ayezi, gu! n'kubwerezanso, gu!

A Putulik anadzidzimuka n'kuluma mwamphamvu. Ndinamva ndi makutu anga dzino likusweka. Nkhafi inagwa, iwo n'kugwira tsaya. Kenako kutali, komwe chipolopolo sichingafike, misana yoyera inatuluka umodzi umodzi, ikupemerera nthunzi, yaing'ono yotuwa ili pambali pa amawo, yonse italunjika kunyanja yaikulu.

Sakariasi anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. Tsopano phokoso linalibenso kanthu.

"Alamu! Mwatani kodi? Munabadwira kuti inu, ku Montreal?"

"Akulu anu akufa, inu mukuyang'ana dzanja!"

"Akufa lero? Tagona pano osawiritsa ngakhale tiyi, nyama zafika pansi pa mapazi athu, inu n'kubwera kudzavina? Chaka chino tidya chidendene chanu!"

"Mudye, n'chonona kuposa nzeru zanu."

Wina mwa achinyamata anaseka, bambo ake n'kumuyang'ana, kuseka n'kuthera pakhosi. Ndinayankha mwamakani, koma manyazi anali atandigwira mpaka m'mafupa. Mwana wazaka zisanu amadziwa kuti paja sipogunda. Gulu lalikulu ngati lija silidutsa kawiri, ndipo kumudzi kunali nkhalamba zomwe zinali zitanola kale mipeni.

Alasi sanalowerere. Anapita kukagwada kutsogolo kwa bambo ake, n'kuwachotsa dzanja patsaya kuti amuone milomo.

"Mwananga, dzuka. Zakwana."

Anamuyang'ana, analavula magazi ndi kachidutswa ka dzino, n'kunena kuti, "Chabwino, amayi." Mawu awiri. Ine ndalankhula chaka chathunthu, abusa alankhula, nesi walankhula, koma munthu anadzuka chifukwa mwana yemwe ndinabereka ndekha wamutcha mwananga. Tinawagoneka pachileyi. Nkhafi anaikumbatira ngati pali wina akufuna kuwalanda.

Kunyumba ndinkayembekezera mkuntho. Ndinawapatsa madzi amchere ochukuchira m'kamwa, ndinawavula nsapato, mapazi ali otupa ngati mabuledi. Wailesi inali itayamba kale. Mayi wina anaimba kufunsa ngati n'zoona kuti kwa Siasi kukugawidwa chidendene, abwere ndi mbale yaikulu bwanji. Ndinaitseka.

"Ndinakumva," anatero a Putulik.

Ndinawayang'ana.

"Chidendene chako. Chinabwera m'nkhafi ngati mfuti. Onse anangoti zii, miluzu yonse kutha. Kenako wamkulu wina anatembenuka n'kuponya timawu m'mwamba, pansi pa mapazi ako penipeni, mothamanga, kufuna kudziwa kuti ndi chilombo chanji chimenechi." Anayamba kuseka, tsaya n'kuwaletsa. "Ndinafuna kumuuza kuti thawa m'bale wanga, ameneyo ndimamudziwa ine."

Sindinaseke. Iwo anakhala akuyang'ana nkhafi ili pamiyendo pawo, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso nkhafi. Ndinayesa kuti akutsanzikana nayo, ndipo ndinawasiya.

M'mawa mwake anadzuka thupi likutentha, koma anavala okha malaya awo akutchalitchi. Alasi anati adzatitenga pa galimoto ya madzi akamadutsa. Ndinali ndikumanga mpango pomwe anabwera n'kuima patsogolo panga, nkhafi ili m'manja, ataipukuta magazi adzulo. Anaika kuphwatalala kwake pakhosi panga, apa pomwe pamakumana mafupa. Ndinaikankha.

"Mwayamba misala? Galimoto ikubwera."

Anaibwezera pomwepo. "Lankhula," anatero. Anafufuza ndi lilime dzino lomwe linali lisanasweke, analuma mpini nkhope ikuchita makwinya ndi ululu, n'kutseka maso monga amachitira kunyanja.

Ndinali ndi nkhokwe ya mawu. Zomwe Alasi ananena tsiku loyamba kulankhula ziganizo. Zomwe mayi anga anandiuza akumwalira. Zomwe ndinkawauza a Putulik usiku ali chigonere chagada, ine ndikudziwa kuti sizikupita kulikonse. Ndiponso mawu akuthwa adzulo aja, omwe anali asanagwire ntchito. Zonsezo zinathawa. Ndinayang'ana pachifuwa pawo n'kunena chomwe ndinaona.

"Mwalakwitsa mabatani."

Maso ali chitsekere, dzanja lawo linakwera n'kukagwira batani lapamwamba.

Sanaone milomo yanga. Anamva. Misozi inatuluka m'maso otsekawo n'kutsikira patsaya lotupa lija. Anachotsa nkhafi kukamwa.

"Mawu ako akalamba, Siasi."

Ndinaigwira ndekha nkhafiyo n'kuikanikiza pakhosi, n'kuwalozera kuti alume.

"Mukanafuna a mtsikana mukanabwera kale," ndinatero. "Zaka zonsezi chinthuchi chili pamwamba pa chitseko! Mumadutsa pansi pake m'mawa ndi madzulo! Mumayenda nacho mtunda wonse uja kukamvetsera nyama, ine ndili pompano ndikuthyola mathabwa ndi chidendene. Simunaganizepo? Ngakhale kamodzi?"

Anamva zonse. Ndinaona liwu lililonse likufika, chifukwa nsidze zawo zinkagwedezeka. Analankhula mpini uli kumano.

"Sindinaganize. Nanga iwe?"

Ine ndi amene ndinkaipukuta fumbi Loweruka lililonse.

"Imba," anatero.

"Nyimbo zapakhosi saimba munthu mmodzi. Msuweni wanga anamwalira, munanyamula nawo bokosi."

"Imba mbali yako."

Ndinayesa. Pakhosi panali pouma, mpweya unali waufupi, mano apulasitiki ankagwedera. Zomwe zinatuluka zinali ngati galu wokalamba akulota. Koma ndinapitiriza, n'kumasiya mipata pomwe msuweni wanga ankayankhira, ndipo pang'onopang'ono mawu anayamba kukumbukira njira yawo. A Putulik anayamba kugwedeza mutu motsatira. Kenako mapewa awo ananjenjemera, anaphulika kuseka, nkhafi n'kugwera pansi.

"Mwagonja," ndinatero. Koma nkhafi inali pansi, ndipo maso awo anali odzaza misozi, moti sanamve komanso sanawerenge. Panja hutala ya galimoto ya madzi inalira.

Ndinafuna kutuluka n'kumuuza Alasi kuti apite, dokotala adzabweranso, atipatse tsiku limodzi lokha. Ndikunena zoona, ndinafika mpaka pachitseko. Kenako ndinayang'ana mapazi awo, omwe sanathe kulowa m'nsapato mpaka titamasula zingwe zonse. Ndinawakonzera mabatani n'kuwapatsa chipewa.

Mano anachoka m'mawa womwewo, dokotala n'kukwera ndege yake masana. Usinini utapola anawaitana ku Montreal, ndipo opaleshoni inayenda bwino. Pano amafika kusitolo osapumira, amanyamula mdzukulu pamapewa, ndipo mdzukuluyo sathawanso. Sakariasi anayambanso kundilankhula ana ake atapha nangumi ndi kandege kawo, ngakhale mpaka lero akandiona amayang'ana kumapazi kwanga kaye. Ndinapeza chomwe ndinkafuna. Aliyense amandiuza zimenezo, ndipo aliyense akandiuza ndimafuna kumugenda ndi gulovu.

Nyanja itayamba kuundana anangumi anabwerera. A Putulik anatenga nkhafi n'kupita okha. Anayesa ndi mano apulasitiki, anayesa ndi usinini, anayesa kukanikiza mpini pafupa la kuseri kwa khutu. Anabwera tiyi asanazizire. Anati miluzu ikumveka pang'ono, patali, koma timawu tija tofufuzira njira palibe. Sanadandaule, ndipo nkhani ya chipumi cha nangumi sanaifotokozenso kwa mlendo aliyense. Ine amene ndinkatopa nayo ndimapezeka ndikuifotokoza ndekha.

Nkhafiyo sinabwererenso pamwamba pa chitseko. Imakhala patebulo, pakati pa shuga ndi mpeni wanga. M'mawa uliwonse akamaliza tiyi amaika kuphwatalala kwake pakhosi panga, mpini n'kuukanikiza kuseri kwa khutu, n'kutseka maso. Ndawauza kambirimbiri kuti atsegule maso awerenge milomo ngati kale, koma amakana, amati kumeneko si kumva. Amati amadziwa kuti ndikulankhula, amadziwanso ngati ndakwiya, koma mawu ake sawagwira.

Ndiye ndimalankhula. Ndimawauza zomwe Alasi ananena ali wamng'ono. Ndimawauza zomwe mayi anga anandiuza. Ndimawauza kuti ndi munthu wouma mutu kuposa onse omwe anabadwapo m'mphepete mwa nyanja ino, ndi kuti ndikanakhalanso mtsikana ndikanayendabe kumanzere kwawo. Iwo amamvetsera mpaka ndimalize, maso ali chitsekere. Kenako amagwedeza mutu, dzanja n'kupita kukafufuza mabatani.